Joseph Booth, 1851–1932: Mwini Ntchito Amene Adaona Munthu mwa Wantchito

Dera la Machinga ndi Balaka lidadziwika ndi malonda kuyambira kalekale. Makolo a Chiyao ankasula makasu, kulima fodya ndi kusenza minyanga ya njovu pa ulendo wa miyezi kukafika ku Kilwa ndi madoko ena a kunyanja ya mchere, ndipo ankabwerako ndi nsalu, mikanda ndi mkuwa. Lero malonda adasamukira m'mbali mwa msewu wa phula wodutsa pa Nselema, ndipo katundu wake ndi mpunga, nandolo, nsomba za ku Chiuta ndi ku Chilwa, komanso thonje la ku Balaka. Ngakhale katundu adasintha, funso limodzi lidatsala: kodi mwini malonda ayenera kumusunga motani mnzake amene amamugwirira ntchito?

Mbiri ya malonda akale ili ndi mbali yonyaditsa, koma ilinso ndi chipsera cha ukapolo, pomwe munthu adasandutsidwa katundu wogulitsa. Ukapolo utatha padadza thangata, lomwe lidamanga anthu m'minda ya eni popanda unyolo wooneka ndi maso. N'chifukwa chake pa mwambo wokumbukira chikhalidwe n'koyenera kukumbukiranso anthu amene adayesa kuyendetsa ntchito yopindulitsa mwachikondi, mwachifundo ndi mosamala anthu. Mmodzi mwa iwo ndi a Joseph Booth, mlendo wochokera ku Mangalande, amene wantchito wawo wapakhomo, mwana wa Myao, adadzakhala ngwazi ya dziko lino.

Ubwana ndi unyamata

A Booth adabadwa pa 26 February 1851 mu mzinda wa Derby. Iyi idali nthawi yomwe mafakitale ndi njanji zinkalemeretsa eni ake, pomwe antchito, kuphatikizapo ana, ankakhetsa thukuta kuyambira mbandakucha mpaka mdima pa malipiro ochepa. Mayi awo adamwalira iwo akadali mwana, ndipo ali ndi zaka 14 adachoka pakhomo pa bambo awo n'kuyamba kudzisakira okha chakudya. Sadapite patali ndi sukulu ya m'kalasi. Zambiri zomwe ankadziwa adadziphunzitsa okha powerenga mabuku akaweruka ku ntchito. Asanakwanitse zaka 20 adalowa mpingo wa Baptist, ndipo mu 1872 adamanga banja ndi Mary Jane Sharpe.

Mu 1880 banjali lidasamukira ku New Zealand, kufupi ndi mzinda wa Auckland, komwe a Booth ankaweta nkhosa. Mu 1887 adawolokera ku Melbourne m'dziko la Australia, ndipo kumeneko adatsegula malonda ogulitsa chakudya. Malondawo adawayendera bwino, mwakuti adakhala munthu wopeza bwino ndi wolemekezeka, ndipo mpingo wawo udawasankha kukhala dikoni. Munthu amene adayamba ngati wolembedwa ntchito tsopano adali wolemba anzake ntchito, ndipo mbali zonse ziwiri za moyo wa malonda adazidziwa ndi thupi lawo lomwe.

Funso lomwe lidasintha moyo wawo

Ku Melbourne kudali mkulu wina wotchuka, Joseph Symes, amene sankakhulupirira za Mulungu ndipo ankachititsa mitsutso ya poyera. A Booth ankapita kukatsutsana naye. Pa mtsutso wina Symes adawakumbutsa nkhani ya m'Malembo ya mnyamata wachuma amene adauzidwa kuti agulitse zake zonse ndi kuthandiza osauka, ndipo adawafunsa chifukwa chomwe iwo, munthu wa malonda, ankalalikira mawu omwe sankawachita. Funsoli lidawabaya mumtima. M'malo mokwiya ndi wofunsayo, adalitenga ngati mlandu woti auyankhe ndi zochita.

Mu 1891 adagulitsa malonda awo ndi cholinga chopita ku Africa. Chaka chomwecho, ulendo uli pafupi, akazi awo adamwalira, n'kuwasiyira ana awiri, Edward ndi Emily. Anthu ambiri akadabwerera m'mbuyo pa tsoka lotere, koma a Booth adapitiriza. Adayamba apita ku Britain kukafuna anthu owathandiza, kenaka adalunjika ku Africa, ndipo adafika ku Blantyre mu August 1892, atagwira dzanja la Emily, kamtsikana ka zaka zosakwana khumi.

Dziko lomwe adalipeza

Pomwe iwo ankafika n'kuti patangotha chaka chimodzi chikhazikitsireni ulamuliro wa Angerezi, pansi pa Harry Johnston. Nkhondo zolanda mphamvu za mafumu zidali mkati. Ya pa phiri la Chikala, yomwe idagwetsa linga la Mfumu Kawinga, idachitika mu 1895. Kumapiri a Shire azungu ankatenga malo aakulu posinthanitsa ndi nsalu, mikanda ndi mfuti, ndipo boma linkawapatsa zikalata zotsimikiza umwini wawo. Anthu amene adabadwira pa malowo adadzuka tsiku lina ali alendo pa nthaka ya makolo awo.

Mbewu yomwe inkakopa azunguwo idali khofi. Mbande zoyamba zidafika ku Blantyre Mission mu 1878 kuchokera ku Edinburgh, ndipo pofika zaka za m'ma 1890 khofi adali golide wa dziko lino, kotero kuti mtengo wake udajambulidwa pa chizindikiro cha boma. Koma phindu lake lidatsamira pa kutchipa kwa thukuta la munthu wakuda. Malipiro wamba adali mashileni atatu pa mwezi, ndipo kawirikawiri ankaperekedwa ngati mikono ya nsalu osati ndalama. Msonkho wa nyumba nawo udali mashileni atatu pa chaka. Motero mwamuna ankasiya munda wake nthawi ya dzinja, kukapalira khofi wa mwini mwezi wathunthu, kuti angopeza za msonkho. Kudalibe magalimoto kapena njanji, choncho katundu yense ankayenda pamitu ya amtengatenga, ndipo mabwana ankanyamulidwa pa machila. Chikoti cha kapitawo chidali chinthu chozolowereka.

Munda wa ku Mitsidi

A Booth adali ndi ganizo lomwe adalitenga kwa William Carey, amene adagwira ntchito ku India: kuti mishoni isamadalire zopempha za kunja, koma ikhale ndi ntchito yopindulitsa yodzidyetsa yokha. Khofi amayamba kubereka pakatha zaka zitatu. Iwo adawerengera kuti munda umodzi ukayamba kubereka, phindu lake likhoza kulipira antchito, kuyendetsa sukulu ndi chipatala, n'kutsalako ndalama zotsegulira munda wina kwina. Mothandizidwa ndi anthu a malonda a ku Britain, makamaka Robert Caldwell, adakhazikitsa Zambezi Industrial Mission pa Mitsidi, kufupi ndi phiri la Michiru, mu 1892. Ntchitoyi idafalikira ku Ntcheu, pa malo monga Ntonda, Chiole ndi Dombole. Mu 1893 adathandiza kuyambitsa Nyasa Industrial Mission pa Likhubula ku Blantyre, ndipo pambuyo pake Baptist Industrial Mission pa Gowa ku Ntcheu.

Poiona patali, Mitsidi idali ngati esiteti ina iliyonse: mizere ya khofi, nazale, akalipentala, oumba njerwa ndi amtengatenga. Kusiyana kwake kudali pa momwe mwini ntchito ankaonera antchito. A Booth ankalipira ndalama zoposa zomwe alimi ena achizungu ndi mishoni zina ankapereka, ndipo amisiri aluso ankalandira zochuluka kwambiri kuposa malipiro wamba. Maganizo awo adali akuti ngati khofi akugulidwa pa mtengo wabwino ku London, munthu amene wakumba dzenje, kuthirira mbande ndi kuthyola zipatso ali ndi gawo pa mtengowo. Kwa iwo malipiro sadali mphatso ya bwana wachifundo, koma ngongole yomwe mwini munda ali nayo kwa wantchito.

Chachiwiri, sankakhulupirira za mfuti ndi chikoti. M'dziko lomwe mzungu aliyense ankayenda ndi mfuti, iwo adali munthu wodana ndi nkhondo ya mtundu uliwonse. Chachitatu, ankalowetsa anthu akuda m'nyumba mwawo, kucheza nawo ngati anzawo ndi kuwapatsa maudindo msanga, pomwe ena ankati munthu wakuda ayenera kudikira zaka zambiri asanakhulupiriridwe. Anyamata ena aluso, monga Gordon Mataka amene adali Myao, adawatumiza ku South Africa kukapitiriza maphunziro.

Zimenezi zidawadanitsa ndi azungu anzawo. Eni minda adadandaula kuti a Booth akuononga antchito ndi kukweza malipiro m'dziko lonse. Atsogoleri a Blantyre Mission, omwe nawonso ankalimbana ndi boma pa nkhani za anthu akuda, adali ndi dandaulo lawo lomveka: mlendoyu adamanga pafupi kwambiri ndi iwo, ndipo amisiri ndi aphunzitsi omwe iwo adawaphunzitsa kwa zaka zambiri ankathawira ku Mitsidi potsata malipiro. Mkanganowu udaonetsa poyera chinthu chomwe ambiri sankafuna kuchivomereza, chakuti wantchito wakuda amadziwa mtengo wa luso lake, ndipo akapeza pomwe akumulemekeza amapita pomwepo.

Mnyamata wophika

Chakumapeto kwa 1892 pakhomo pa a Booth padafika mnyamata wa ku Chiradzulu wofuna ntchito. Dzina lake lidali John Chilembwe. Bambo ake adali Myao ndipo mayi ake adali Mmang'anja. Adalembedwa ntchito yophika ndi yosamala pakhomo. Pa nthawiyo a Booth ankayendayenda kwambiri, ndipo malungo sankachoka m'nyumbamo. Emily atadwala kwambiri bambo ake ali kutali, amene adamudwazika usana ndi usiku adali Chilembwe. Emily sadaiwale chifundo chimenechi, ndipo adachilemba m'buku la zikumbutso zake lomwe lidatuluka mu 1952. Mchimwene wake Edward, amene adatsatira bambo ake kuno, sadapulumuke. Adamwalira ndi malungo akadali mnyamata.

Akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. M'nyumba ya ku Mitsidi mwambiwu udagwira ntchito mbali zonse ziwiri. Wantchito adasamala mwana wa bwana ngati mlongo wake, ndipo bwana adayamba kuona wantchito ngati mwana wake. A Booth sadafune kuti mnyamata wanzeru chotere akalambire pa mafuwa. Adamusandutsa womasulira ndi mnzawo wa paulendo, adamubatiza pa 17 July 1893, ndipo mu 1897 adapita naye ku America. Kumeneko adamupereka m'manja mwa mpingo wa anthu akuda wa National Baptist Convention, womwe udamulipirira maphunziro pa koleji ya ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia. Mabwana ambiri safuna kutaya wantchito wokhulupirika. A Booth adamutsegulira okha khomo kuti akule mpaka asawafunenso.

M'busa Chilembwe adabwerera kumudzi mu 1900 n'kukhazikitsa Providence Industrial Mission pa Mbombwe ku Chiradzulu. Dzina lenilenilo likusonyeza komwe ganizo lidachokera: mpingo, sukulu ndi munda pamodzi, koma tsopano zili m'manja mwa mwini dziko.

Kufuna kuti eni dziko akhale eni chuma

Pofika 1896 a Booth adali atasemphana ndi akuluakulu a Zambezi Industrial Mission pa nkhani ya kayendetsedwe ka ndalama komanso pa maganizo awo okhudza anthu akuda, ndipo adasiyana nawo. Adali atazindikira kuti malipiro abwino paokha sakwanira ngati munda, sitolo ndi phindu zikhala za mlendo mpaka kalekale. Adayamba kulota za bungwe lomwe anthu akuda a mu Africa ndi a ku America akadasonkha ndalama zawo kuti agule malo, atsegule minda ndi ntchito zamanja, ndipo iwo eni akhale olamulira. Bungweli adalitcha African Christian Union.

Mu 1896 adapita nalo ganizoli ku Natal, komwe adasonkhanitsa Azulu ophunzira oposa 100. Atakambirana usana ndi usiku, Azuluwo adalikana. Chifukwa chawo sichidali chakuti ganizolo lidali loipa, koma chakuti zomwe adaziona m'dziko lawo zidawaphunzitsa kusakhulupirira mzungu aliyense, ngakhale wolankhula zokoma. Yankholi lidawapweteka a Booth, koma sadawanyoze anthuwo. Adalitenga ngati umboni wa kukula kwa bala lomwe azungu anzawo adalisiya. Atabwerera ku Blantyre adalengeza zolinga za bungweli mu January 1897, ndipo mwa omwe adasaina nawo mudali John Chilembwe ndi Morrison Malinki. Chaka chomwecho, ali ku America, adasindikiza kabuku kotchedwa Africa for the African, komwe mutu wake wokha udali mlandu m'makutu a atsamunda.

Chikalata cha 1899 ndi kugwa kwa khofi

Ali ku America adalowa mpingo wa Seventh Day Baptist wa mu mzinda wa Plainfield, ndipo mpingowo udavomera kuyika ndalama mu munda wina wa khofi. Adabwerera kuno mu 1899 ndi akazi awo achiwiri, Annie. Asanakhazikike adalemba chikalata chopita kwa Mfumukazi Victoria, choti anthu akuda asaine. Mwa zina chidapempha kuti ndalama za msonkho wa nyumba zigwiritsidwe ntchito pophunzitsa ana a okhoma msonkhowo, kuti anthu akuda asamatumidwe kukamenya nkhondo ndi akuda anzawo, ndiponso kuti pakatha zaka 21 dziko libwezedwe kwa eni ake. Bwanamkubwa Alfred Sharpe adaona chikalatacho ngati chiwembu. A Booth adathawira m'dziko la Apwitikizi, ndipo adaloledwa kubwerera mu 1900 atalonjeza kusiya ndale.

Chaka chomwecho adagula esiteti ya maekala pafupifupi 2,000 ku Thyolo n'kuitcha Plainfield. Tsoka lake, adalowa m'munda dzuwa la khofi likulowa. Dziko la Brazil lidadzaza misika ya dziko lapansi ndi khofi wotchipa, mitengo idatsika, ndipo kuno chilala, tizilombo ndi kuguga kwa nthaka zidafooketsa mbewuyo. Eni minda ambiri adagwa, otsalawo adatembenukira ku thonje, fodya ndi tiyi. Plainfield nayo idalephera kudzilipira. Mu 1902 idagulitsidwa ku mpingo wa Seventh-day Adventist, ndipo a Booth adabwera ndi banja la a Thomas Branch, munthu wakuda wa ku America, kudzayamba ntchito pamalopo. Awa ndi malo omwe pambuyo pake adatchedwa Malamulo. Patangopita miyezi yochepa a Booth adachoka m'dziko lino, ndipo mu 1907 boma lidawaletseratu kubweranso.

Zaka za kutali

Ngakhale adatsekeredwa kunja, mtima wawo udatsala kuno. Ali ku South Africa nyumba yawo idali pofikira pa anyamata a ku Nyasaland opita ku migodi ndi kosaka maphunziro. Elliot Kamwana wa ku Nkhata Bay adaphunzira kwa iwo asanabwerere kwawo mu 1908. Charles Domingo ankalemberana nawo makalata. Peter Nyambo wa ku Ntcheu adagwira nawo ntchito yolemba chikalata china chodandaulira mfumu ya ku Britain mu 1914.

Pa nthawi yomweyo ku Magomero zinthu zinkaipiraipira. Pa minda ya A. L. Bruce, yomwe ankaiyang'anira William Jervis Livingstone, anthu okhala pa malowo, ambiri a iwo Alhomwe othawa nkhanza za Apwitikizi, ankagwira thangata loposa muyeso, ankamenyedwa, ndipo matchalitchi audzu omwe adamanga ankatenthedwa. Nkhondo ya 1914 itayamba, anthu akuda adatengedwa kukafa pa mkangano womwe sudali wawo. Pa 23 January 1915 M'busa Chilembwe ndi anthu awo adaukira. Livingstone adaphedwa, ndipo pa 3 February a Chilembwe nawo adawomberedwa.

Magomero ndi Mitsidi zidali minda ya m'dera limodzi, yolimidwa ndi manja a anthu amodzimodzi. Kwina wantchito ankaonedwa ngati khasu, ndipo mapeto ake adali mwazi. Kwina ankaonedwa ngati munthu, ndipo kudatuluka aphunzitsi, amisiri ndi atsogoleri. A Booth sadatenge nawo mbali pa kuukirako, ndipo kukhetsa mwazi kudali kosemphana ndi chikhulupiriro chawo, komabe boma lidawaloza chala kuti ndiwo adafesa maganizowo. Chaka chomwecho adathamangitsidwa ku Basutoland, dziko lomwe lero ndi Lesotho, n'kutumizidwa ku Mangalande, komwe adakhala movutika. Nkhondo itatha adabwerera ku Cape Town, ndipo akazi awo Annie adamwalirira kumeneko mu 1921. Atakalamba ndi kufooka adabwerera kwawo, ndipo adamwalira pa 4 November 1932 ku Weston-super-Mare, ali ndi zaka 81. Munthu amene adali mwini malonda opindula ku Melbourne adatsikira kuli chete alibe chuma, ndipo imfa yawo sidamveke kutali.

Pomwe adapunthwa

Mbiri yoona siibisa zipsera. A Booth adali munthu wosakhazikika. Adasintha mipingo kangapo, ndipo kulikonse ankayamba ndi moto koma osakhalitsa. Ankawerengera phindu la khofi mbande zisanamere, ndipo ankalonjeza eni ndalama zinthu zomwe nthaka ndi msika sizikadakwanitsa. Adaika chiyembekezo chonse pa mbewu imodzi, ndipo mbewuyo itagwa, ntchito yawo idagwa nayo. Sankadziwa kupirira anzawo osiyana nawo maganizo, kotero kuti adakangana ndi ambiri mwa omwe adawathandiza. Banja lawo lidalipira mtengo waukulu wa maulendo awo. Ndipo nthawi iliyonse akachoka pamalo, antchito omwe adazolowera malipiro abwino ndi ulemu ankatsala m'manja mwa ena amene sadali ndi mtima womwewo.

Apa pali phunziro lomwe woyendetsa malonda sayenera kulilumpha. Chifundo chopanda kuwerengera bwino chimatha msanga, ndipo chikatha amene amavutika koyamba ndi wantchito yemweyo. Mwini golosale amene amakonda antchito ake koma salemba zolowa ndi zotuluka, tsiku lina adzawauza kuti kulibe malipiro. Kusamala anthu kumafuna kuti malondawo akhale ndi moyo chaka chino ndi chaka chamawa. Kuthamanga sikufika.

Komabe kugwa kwa Plainfield sikudadze chifukwa cha malipiro abwino, pakuti minda ya eni ankhanza nayo idagwa m'zaka zomwezo. Chomwe chidasiyana ndi zotsala zake. Maina a eni minda ambiri a nthawi imeneyo adaiwalika pamodzi ndi khofi wawo. Koma kuchokera ku Mitsidi kudatuluka mpingo wa Zambezi Evangelical, womwe uli ndi sukulu ndi zipatala mpaka lero. Kuchokera ku Likhubula kudatuluka Evangelical Church of Malawi. Gowa ikadalipo pansi pa Churches of Christ. Ndipo Malamulo ndi chimodzi mwa zipatala zodziwika m'dziko lino, komwe kumaphunzitsidwanso anamwino ndi ena ogwira ntchito zachipatala. Kupatsa n'kuika.

Zomwe mbiriyi ikunena kwa a malonda a lero

Umunthu womwe a Booth adauonetsa sudali wachilendo kwa makolo a dera lino. Pa dima, mwini munda ankaphika chakudya ndi thobwa lokwanira onse odzamuthandiza, ndipo mawa lake iye ankapita ndi khasu lake m'munda wa mnzake. Wolemera weniweni ankadziwika ndi kuchuluka kwa anthu odya pakhomo pake. Asilamu ndi Akhristu a ku Machinga ndi Balaka amaphunzitsidwa chimodzimodzi kuti wantchito alipidwe msanga ndi mokwanira, ndi kuti muyeso ukhale woona. Chomwe mlendoyu adachita ndi kutenga khalidwe lotere n'kulilowetsa m'munda wa ndalama, pomwe anzake ankati chifundo ndi phindu sizikhalira pamodzi.

Mafunso omwe adakumana nawo ku Mitsidi akadalipo m'maonekedwe ena. Alipo pa sikelo ya venda wogula nandolo ndi thonje kwa mlimi amene sadziwa kuwerenga manambala ake. Alipo pomwe waganyu wamaliza ndime yake m'mwezi wa njala n'kuuzidwa kuti abwere mawa. Alipo pakati pa mwini ngalawa ndi alovi ake ku Chiuta, pakati pa mwini njinga yamoto ndi mnyamata wa kabaza, pakati pa mwini chigayo ndi amene amapuma fumbi la ufa tsiku lonse, pakati pa mwini esiteti ya fodya ndi tenanti amene chaka chimatha ali ndi ngongole m'malo mwa phindu. Alipo makamaka m'nyumba momwe muli kamtsikana kantchito ka msinkhu wa sukulu, kotsuka mbale pomwe ana a bwana akunyamula mabuku.

Moyo wa a Booth ukuonetsa kuti chikondi cha mwini ntchito sichiyezedwa ndi mawu okoma kapena mphatso za pa chikondwerero. Chimaoneka pa malipiro ogwirizana ndi thukuta ndi operekedwa pa tsiku lolonjezedwa, pa kumuyendera wantchito akadwala ndi kumulola kupita ku maliro a mbale wake, pa kumudzudzula pambali osati pamaso pa ogula, ndiponso pa kumuphunzitsa ntchito yonse popanda kubisa, ngakhale podziwa kuti tsiku lina adzatsegula yake.

Manda a Joseph Booth ali kutali, m'mbali mwa nyanja ya ku Mangalande, ndipo ndi ochepa mwa anthu a kuno amene adawaonapo. Koma pa msika wa Nselema, tsiku lililonse, ndalama za K500 ndi K2,000 zimachoka m'dzanja la wolemba ntchito kupita m'dzanja la wantchito. Nkhope yomwe ili pa ndalamazo ndi ya John Chilembwe, mnyamata amene adafika pa Mitsidi mu 1892 kudzapempha ntchito yophika.